Kamera sigulidwa ndi makutu

Loweruka lapitali gulu lathu linalandira mlendo, mkulu amene wakhala akujambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano kuno ku Mwanza komanso ku Neno kwa zaka zambiri. Tinawaitana chifukwa cha nkhani ija yogula kamera ya gulu, imene yatigawa pawiri. Kwa inu amene simunabwere, nazi zomwe anayankhula. Tangochotsamo kuseka ndi mafunso a kumapeto.

Zikomo a wapampando, zikomo alangizi a gulu, ndi inu nonse achinyamata anzanga. Ndati anzanga ngakhale imvi zayamba, musandiseke.

Sabata yathayi foni yanga sinapume. Anyamata atatu a gulu lino akhala akunditumizira makanema a pa YouTube, wina mpaka 11 koloko usiku, aliyense akuti, "Achimwene, taonani iyi, iyi ndiye kamera." Ndinaonera onse, bandulo n'kutha. Ndamvanso kuti ndalama zimene zili m'thumba la gulu simunazitole pamsewu. Ena munapakira nachesi m'matumba nyengo yathayi, ena munaumba njerwa, ndipo pali maganizo oti zotsalazo mukabwereke ku banki m'khonde. Ndiye ndisakunyengereni. Ndalama ya thukuta siigwiritsidwa ntchito chifukwa choti munthu wina wa ku America wanena pa kanema kuti kamera iyi ndi yabwino kuposa zonse. Ndabwera ndi mfundo imodzi basi: kamera imayesedwa pamalo pamene ikagwire ntchito. Kwa ife malowo ndi kuno, pa fumbi lathu, pa dzuwa lathu, ndi magetsi athu.

Tiyambe ndi dzina limene mukulimva paliponse, mirrorless. Kamera zazikulu zomwe munazolowera kutiona nazo pa ukwati, za DSLR, mkati mwake muli kagalasi. Kuwala kukalowa mu lenzi, kagalasiko kamakukhotetsa kupita ku diso la wojambula. Ukadina batani, kagalasi kamadzuka, kuwala n'kugwera pa sensa, ndiye phokoso lija mumalimva lija. Mirrorless ilibe kagalasi ameneyu. Kuwala kumagwera pa sensa nthawi zonse, ndipo chimene diso lako likuona ndi ka TV kakang'ono kamene kali mkati. Ubwino wake, umaoneratu mmene chithunzi chitulukire usanajambule, kamera imatha kusaka yokha diso la munthu n'kulitsatira, ndipo imatha kujambula mwakachetechete. Koma pomwe pali ubwinopo ndi pomwenso pali mavuto: ka TV kaja kamadya batire, sensa imene ikugwira ntchito osapuma imatentha, ndipo ukachotsa lenzi sensa ya makamera ambiri imakhala pamtunda, fumbi likuiona. Sungani zitatu zimenezi, tizipeza kutsogoloku.

Zinthuzi sizinayambe dzulo. Panasonic inatulutsa Lumix G1 mu 2008, Sony inabwera ndi A7 ya sensa yaikulu mu 2013, ndipo Canon ndi Nikon analowa nawo mu mpikisano wa sensa yaikuluwu mu 2018. Zomwe anyamata munanditumizira ndi mabwana ake. Canon EOS R5 inatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 3,899. Sony A1 inatuluka mu 2021 pa madola pafupifupi 6,500, ndipo Nikon Z9 chaka chomwecho pa madola pafupifupi 5,500. Limenelo ndi thupi lokha, lenzi palibe, memory card palibe. Mukudziwa kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ngakhale titawerengera mtengo wa kubanki wa mu 2024 wa pafupifupi K1,750 pa dola, yotchipa pa zitatuzi ikupitirira K6 miliyoni, msonkho usanalowepo. Asungichuma, musakomoke, sindinamalize.

Tsopano ma review, kapena kuti ndemanga za akatswiri. Sindikunena kuti ndi abodza, ayi. Pali tsamba lina lotchedwa DPReview limene linayamba mu 1998 ku London, kenako linasamukira ku Seattle ku America. Anthu amenewo amayesa kamera mwa dongosolo, amajambula chinthu chomwechomwecho ndi kamera iliyonse kuti uyerekeze bwino, ndipo ine ndaphunzira zambiri kwa iwo. Koma dzifunseni mafunso atatu mukamaonera. Loyamba, akuyesera kuti? Ambiri ali m'mayiko ozizira, m'nyumba zoti magetsi sathima. Lachiwiri, kamerayo akhala nayo nthawi yaitali bwanji? Ambiri a pa YouTube amabwerekedwa ndi kampani kwa masiku ochepa, n'kubweza isanaonetse khalidwe lake. Lachitatu, amapeza chiyani? Ambiri amalandira kangachepe munthu akagula kudzera pa link yawo. Si tchimo, ndi bizinesi, koma muzidziwa.

Chitsanzo chimene dziko lonse la ojambula limachidziwa ndi cha EOS R5 ija. Itangolengezedwa, aliyense anali pa nkhani ya kanema wa 8K, chinthu chachilendo pa kamera ya mtundu umenewo. Anthu atayamba kuigwiritsa ntchito, nkhani inasintha n'kukhala ya kutentha. Canon yomwe inanena kuti pa 8K kamerayo imajambula kwa mphindi pafupifupi 20 isanafune kupuma, ndipo muyeso umenewo unali wa pamalo otentha madigiri 23. Kenako kampaniyo inatulutsa mapulogalamu okonza vutoli, ndipo mu 2022 inatulutsa R5 C yokhala ndi fani mkati. Ine chimene chinandigwira mtima ndi nambala ija, 23. Kuno masana a mu October, madigiri 23 ndi nthano. Ndiye ngati manambala a pa pepala anayezedwa pa nyengo ya eni ake, wa kuno ayenera kuyeza yekha.

Ine mwayi woyeza ndinaupeza October wathayu. Msuweni wanga amene ali ku Joni anabwera kumudzi ndi kamera ya gulu la mabwana lomweli, ya ma megapixel oposa 40, ndi malenzi awiri. Anandisiyira kwa masabata atatu. Dzina la kampani sinditchula, chifukwa sindinabwere kudzatsatsa malonda a munthu kapena kudzanyoza. Ndingokuuzani zimene ndinaona.

Ndinayambira mumsika wa pa boma, masana dzuwa lili pamutu. Apa ndivomereze, chinthucho n'chokoma. Mayi wina wogulitsa tomato, nditapempha chilolezo, ndinamujambula akuyenda, akutembenuka, akuseka, ndipo kabokosi kobiriwira kanamatirira pa diso lake osachokapo. Ndi kamera yanga yakale, pa zithunzi khumi zotere zitatu zimatuluka zosaoneka bwino. Apa zonse zinali gwa. Nditakulitsa pa laputopu ndinkawerenga ulusi wa chitenje chake. Zimene ananena a pa YouTube pa nkhani imeneyi n'zoona ndithu.

Koma pomwepo ndinaonanso chimene ma review ambiri sakamba. Munthu wa khungu ngati lathuli akaima kutsogolo kwa khoma loyera kapena thambo lowala, kamera ukaisiya iganize yokha imateteza kuwalako, nkhope n'kuda bii. Vutoli ndi lakale. M'masiku a filimu, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lotchedwa Shirley card, ndipo kwa zaka zambiri khungu loyera ndilo linali muyeso. Makamera a lero apita patali, koma udindo ukadali wako wojambula. Uziyeza kuwala pa nkhope, osati pa malaya. Uwonjezere kuwala pang'ono, kapena umusunthe munthuyo aime pamthunzi wa mtengo. Zimenezi kamera ya K10 miliyoni sikuchitira. Mkwatibwi wa diresi loyera ndi mkwati wa suti yakuda akaima pamodzi, pamafunika mutu wako.

Kachiwiri ndinapita nayo ku mpira. Ndinaiika kuti izijambula zithunzi 20 pa sekondi. Aise, ndinamva ngati ndine wa pa Super League. Chigoli ndinachigwira kuyambira mpira ukuchoka pa phazi mpaka ukugwedeza ukonde. Koma chithunzi chimodzi cha RAW pa kamera imeneyo chimalemera pafupifupi 50 MB. Werengani nokha: ukagwira batani sekondi imodzi, wadya pafupifupi 1 GB. Theka loyamba lisanathe, khadi yanga ya 64 GB inali itadzadza. Makhadi othamanga amene makamerawa amafuna, monga a CFexpress, sungawapeze pa shopu ya mafoni pano, ndipo mtengo wake ndi wa foni yabwino ndithu. Nditafika kunyumba, laputopu yanga inkatenga nthawi kutsegula chithunzi chimodzi, fani ikulira ngati chigayo. Apa ndinaphunzira kuti ukagula kamera yotere wagulanso ngongole ya laputopu yatsopano ndi hard drive.

Kachitatu, fumbi. Ndinakwera njinga yamoto kulowera ku Thambani kukajambula mapiri ndi nkhalango. Panjira ndinaima, n'kusintha lenzi mmene ndimachitira ndi kamera yanga yakale, osaganiza kawiri. Galimoto inadutsa. Madzulo, chithunzi chilichonse chokhala ndi thambo chinali ndi timadontho takuda pamalo omweomwewo. Fumbi linali litakhala pa sensa. Ndinalichotsa ndi kampira kopopera mphepo, koma kadontho kamodzi kanakakamira mpaka msuweni anakakonzetsa ku Joni. Makamera ena atsopano amatseka sensa ukawathimitsa, monga R5 ndi Z9, ndipo chimenecho kwa ife n'chofunika kuposa 8K. Koma pa kanema wa mphindi 30 wa pa YouTube, nkhani imeneyi amaipatsa masekondi khumi. Lamulo lake nali: thimitsa kamera, tembenukira kumene mphepo sikuchokera, kamwa ya kamera iloze pansi, sintha msanga. Ndipo usapukute sensa ndi malaya, ngakhale utapanikizika bwanji.

Tsopano kachinayi, kamene kanandisowetsa tulo. Ndinali ndi ukwati Loweruka lachiwiri. Ndinasiya kamera yanga yakale kunyumba, n'kunyamula ya mabwanayi, mtima uli m'mwamba. Tchalitchi cha malata, anthu odzadza, mazenera ochepa. Ndinayamba kujambula kanema wa 4K wa pamwamba kwambiri kuyambira pamene akwati ankatsika galimoto, kwaya, ulaliki, zonse. Abusa atangoti akwati aimirire kuti alumbire, kachizindikiro ka kutentha kanayamba kuphethira pa sikirini. Mphindi zochepa, kamera inakana kupitiriza kanema. Achinyamata anzanga, thukuta limene ndinatuluka pamenepo silinali la October. Malumbiro sabwerezedwa. Sungaimike abusa n'kunena kuti tadikirani kamera izizire. Chimene chinandipulumutsa ndi mnyamata amene ndimayenda naye, amene anali pambali akujambula ndi foni yake ya Tecno. Malumbiro a banja lija alipo lero chifukwa cha foni imeneyo. Ndinawauza eni ake zoona zake, ndipo ndinawachotserako mtengo.

Kulakwa kunali kwa ndani? Kwanga. Buku la kamerayo linachenjeza za kutentha, ine sindinawerenge. Ndikanaika 4K wamba kapena 1080, ndikanaithimitsa pa nthawi ya zolengeza, ndikanatsegula sikirini kuti isagundane ndi thupi la kamera, bwenzi zinthu zitayenda. Koma koposa zonse, ndinapita ndi chida chimene sindinachiyese ku ntchito imene sibwerezedwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo nyererezo umazipeza ukaung'amba wekha.

Tsiku lomwelo madzulo, ku holo nthawi ya perekaniperekani, kunabwera phunziro lina. Ndinaika kamera kuti izijambula mwakachetechete. Zithunzi zinatuluka ndi mizere yopingasa, ina yowala ina yakuda, ngati mbidzi. Chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ambiri a LED ndi machubu amaphethira motsatira magetsiwo, mwaliwiro loti diso silingaone. Shutter ya kachetechete imawerenga sensa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye mizere ina imagwira babu litawala, ina litachepa mphamvu. Mankhwala ake ndi kubwerera ku shutter wamba, kapena kuika liwiro pa 1/50 kapena 1/100. Pa kanema, ikani mafuremu 25 kapena 50 pa sekondi. Makanema ambiri a ku America amakuuzani 30 kapena 60 chifukwa magetsi awo ndi a 60 Hz. Mukawatsatira mwachimbulimbuli, kanema wanu aziphethira. Mwaona? Malangizo abwino, koma a dziko lina.

Batire nayo. Pali bungwe la ku Japan lotchedwa CIPA limene linakhazikitsa njira imodzi yoyezera kuti batire imajambula zithunzi zingati. Pa muyeso umenewo, Nikon D750, DSLR ya mu 2014, imafika 1,230. Sony A7 III, mirrorless imene imatamandidwa pa nkhani ya batire, imafika 610 ukamayang'anira pa diso. Zambiri za ma megapixel ochuluka zimachepera pamenepo. Kwa munthu amene magetsi sathima kwawo, imeneyi si nkhani. Ine usiku wa Lachisanu ukwati usanachitike magetsi anathima, ndipo ndinachaja batire imodzi pa power bank, inayo kwa mnzanga wa sola. Ukwati wa kuno umayamba m'mawa kwa mkwatibwi akuvala, n'kutha usiku. Popanda mabatire atatu usayerekeze.

Chomaliza ndi chimene chinanditsegula maso kwambiri. Zithunzi zonse zija, za ma megapixel oposa 40, zinathera kuti? Eni ukwati anati, "Titumizireni pa WhatsApp, zina muike pa Facebook, ndipo 50 mutitsukire." Facebook imachepetsa chithunzi kuti mbali yake yaitali isapitirire mapikiselo 2,048, kutanthauza ma megapixel osakwana atatu. WhatsApp nayo imafinya, pokhapokha utatumiza ngati document. Chithunzi chotsuka cha mu alubamu, cha mainchesi 4 kwa 6, chimangofuna ma megapixel awiri ndi pang'ono kuti chioneke bwino. Ndinayesa dala: ndinaika pa foni chithunzi cha kamera ya mabwana ndi cha kamera yanga yakale, n'kufunsa anthu asanu a kunyumba kuti asankhe chabwino. Anasankha chimene munthu anamwetulira bwino. Za kamera palibe anafunsa.

Ndiye review yanga ya ku Mwanza nayi. Kamera ija ndi yabwino kwambiri, yabwino kuposa iliyonse imene ndinagwirapo. Kwa munthu wojambula zikwangwani zazikulu za mu Blantyre, kapena mbalame ndi nyama ku Majete ndi ku Liwonde, kapena wogulitsa zithunzi kunja, ndalama yake imabwerera. Kwa gulu lino, lero, ayi. Makasitomala anu ndi akwati, masukulu pa tsiku lotsanzikana, mipingo, amalonda a nachesi ofuna kutsatsa pa Facebook, ndi mabungwe ofuna zithunzi za ntchito zawo m'midzi. Palibe mwa amenewa amene adzakulipireni zochuluka chifukwa cha 8K.

Ndikanakhala inu, ndalamayo ndikanaigawa. Thupi la kamera logwiritsidwapo kale ntchito, la ma megapixel 24 kapena pafupi pamenepo, kaya mirrorless ya zaka zapitazo kaya DSLR. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ndi yotchipa pa makampani onse ndipo imaona bwino m'tchalitchi cha mdima. Fulashi. Mabatire atatu. Makhadi awiri kapena atatu. Kamaikolofoni kopanika pa malaya, chifukwa anthu amakhululuka kanema wosawala bwino koma sakhululuka kanema wosamveka. Hard drive yosungira ntchito za anthu. Kampira kopopera fumbi. Ndipo musiye kenakake m'thumba, chifukwa chida chimawonongeka.

Mukapeza yoti mugule, kaya ku Limbe kaya kwa wachibale wochokera ku Joni, musapereke ndalama musanaiyese. Funsani kuti shutter yajambula kangati, nambalayo imatheka kuonedwa, ili ngati makilomita a galimoto. Jambulani khoma loyera kapena thambo pa f/16, mukulitse, muone madontho ndi mikwingwirima pa sensa. Unikani mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni, muone ngati muli nkhungu. Jambulani kanema kwa mphindi 30 panja masana, muone ngati itenthe. Lowani nayo m'chipinda cha mdima. Yesani batani lililonse. Wogulitsa akakana kuti muyese, nyamukani. Pemphani lisiti yokhala ndi nambala ya kamerayo, chifukwa katundu wakuba amayenda kwambiri, ndipo ife tili pa chipata, tikudziwa. Ngati ikuchokera kunja, funsani a MRA za msonkho isananyamuke, kuti musadzadzidzimuke pa boda. Ndatchula boda, ndiwonjezere: pamalo ngati amenewo, ku chipatala, ku polisi, musamangotulutsa kamera. Pemphani kaye. Ngakhale mumsika, munthu si mtengo, mufunseni.

Ndikusiyirani ntchito. Musanavote za ndalamazi, aliyense atenge foni yake, kapena abwereke, aiyese kwa sabata imodzi ngati mmene ndinayesera kamera ija. Chithunzi chimodzi mumsika masana, china cha mwana akuthamanga, china m'nyumba usiku pa babu, china cha agogo pakhonde dzuwa likulowa. Alembe pamene foni yachita bwino ndi pamene yalephera. Loweruka likubwerali mubweretse, tidzaonere limodzi. Mndandanda wa pamene mwalephererapo ndi umene udzakuuzeni kamera yoti mugule, ndipo mwina mudzapeza kuti zina mwa zolepherazo sizikufuna ndalama, zikungofuna kuti munthu aime mbali ina ya dzuwa. Ine ndidzabwera ndi kamera yanga yakale, aliyense adzaigwire, atsikana poyamba, chifukwa ndaona kuti anyamata mwayankhula kale mokwanira pa WhatsApp.

A wapampando, nthawi mwandipatsa ija ndadya yonse.